Tosteira ndigule, kapena chiwaya chikwanira?

Nabanda (Ulongwe): Mwadzuka bwanji nonse a pagulu pano. Ndili ndi funso ndipo mundiyankhe mosapsatira. Alamu anga amene amagwira ntchito ku Moatize akubwera kumapeto a mwezi uno, ndiye andifunsa ngati ndikufuna andigulire tosteira, makina a magetsi aja opanira ndi kutenthetsa buledi, mumzinda wa Tete, ndalama ndiwatumizire pa M-Pesa. Ana anga amalawirira kusukulu, ndipo kuzizira kwa kuno mu June ndi July mukukudziwa. Pau wogona, buledi wathu wa dzulo uja, amamukana, akuti wauma. Komanso mumtima ndili ndi maganizo oti ndiyambe kugulitsa tosta, buledi wotenthetsa wokhala ndi zoikamo, pa baraka yanga, kagolosale kanga kaja, pafupi ndi msika. Ndalamayi ndasonkhanitsa movutikira. Inu amene muli nayo, kodi imagwiradi ntchito kapena imangokongoletsa pa shelefu?

Mayi a Tadala (Domwe): Tadzuka bwino achemwali. Ine ndinene msanga, ngati ndi za ana okha musagule. Chiwaya muli nacho, mbaula muli nayo. Dulani pau pakati, ikani zoikamo, pakani majarini kunja kwake, osati mkati mokha. Goneketsani pa chiwaya, kenako tengani poto wolemera, thiranimo madzi theka, mumukhazike pamwamba pa pauyo. Mphindi ziwiri kapena zitatu, tembenuzani, potoyo mubwezerenso. Basi. Ana anga amadya zimenezi ndipo sanafunsepo za makina.

Nabanda (Ulongwe): Sapserera pansi, mayi a Tadala? Mbaula yanga moto wake ndi waukali.

Mayi a Tadala (Domwe): Chinsinsi chili pamenepo. Musachite pa moto woyamba. Yambani mwaphika tiyi, makala akafika poyera phulusa pamwamba ndiye ikani chiwaya. Moto ukachuluka kunja kumada mkati musanatenthe. Ngati mukufulumira, wazani phulusa pang'ono pa makalawo.

Mwale (Zobwe): Moni nonse. Ine ndisiyane nawo pang'ono amayiwa, chifukwa aNabanda atchula za bizinesi. Kuno ku malire madalaivala a magalimoto akuluakulu amaima nthawi yaitali kudikira mapepala, ochokera ku Cuchamano kulowera ku Mwanza. Munthu wotero akafika pa baraka safuna kumva zoti dikirani ndikoleze moto. Ine ndili ndi tosteira ndipo ndalama yake inabwerera kalekale. Imatentha pansi ndi pamwamba nthawi imodzi, simutembenuza, ndipo pamene ikugwira ntchito manja anu ali pa zina, mukuthira tiyi, mukubweza chenji. Chiwaya chimafuna muime pomwepo.

Mayi a Tadala (Domwe): Pa bizinesi sindikutsutsani achimwene. Koma ku Zobwe ndi ku Ulongwe makasitomala ake ndi osiyana.

Mwale (Zobwe): Zoona zimenezo. Koma chachikulu chimene ndimafuna aNabanda amve ndi ichi: matosteira alipo a mitundu iwiri. Ina ili ndi maenje a makona atatu, imadula buledi pakati n'kumata m'mbali mwake. Imeneyo anaipangira buledi wa masilayisi, wa makona anayi, wa m'pepala uja. Pau wathu wa ku padaria ndi wobulungira, wonenepa pakati, wa khungu lolimba. Mukamuika mmenemo chivundikiro sichitseka, mukakakamiza kachogwirira kamathyoka. Mtundu winawo ndi wa mbale zathyathyathya kapena za mizeremizere, chivundikiro chake chimakwera ndi kutsika malinga ndi kukula kwa chimene mwaika. Umenewo ndiye umagwirizana ndi pau. Koma ndi wodulirapo. Alamu anu akangomva kuti tosteira, adzagula yotchipa ya makona atatu ija, chifukwa ndi imene yadzaza m'masitolo.

Nabanda (Ulongwe): Ee, zimenezo sindinaziganize n'komwe. Buledi wa masilayisi ife timagula mwa apo ndi apo, akabwera nawo ochokera ku Dedza. Tsiku ndi tsiku ndi pau.

Nankhoma (Calomue): Ndiye mfundo ya aMwale ndi yaikulu kuposa zonse. Ine yanga ndi ya makona atatu, anandipatsa azakhali. Kuno tili pafupi ndi Dedza, buledi wa masilayisi savuta, ndiye ndimaigwiritsa ntchito. Ubwino wake umodzi ndiunene, imamata m'mbali, zoikamo sizitayika. Mwana amanyamula m'kathumba mpaka kusukulu, dzira lili mkati bwinobwino. Za pa chiwaya zimayasama m'mbali. Koma kutsuka kwake ndi ntchito. Mafuta amalowa m'mahinji momwe nsalu siifika, ndipo mukanyozera, mphemvu zimapezamo nyumba.

Phiri (Moatize): Mwaswera bwanji abale. Ine ntchito yanga ndi ya magetsi, ndiye ndiyankhule mbali imeneyo, chifukwa anthu amaiopa tosteira pa chifukwa cholakwika, n'kusiya kuopa pamene payenera mantha. Za mayuniti a magetsi a Credelec musade nkhawa kwambiri. Tosteira yaing'ono nthawi zambiri imakhala ya mawati pakati pa 700 ndi 1,000. Titenge ya 750. Mukaiyatsa mphindi 8, yadya gawo limodzi la magawo khumi a yuniti. Yuniti imodzi imaiyendetsa mphindi 80, mwinanso kupitirira, chifukwa ikatentha mokwanira imadzizimitsa yokha n'kudzayakanso. Ketulo ya magetsi imakoka kuposa pamenepo, nthawi zambiri mawati 2,000. Ndiye pa ndalama ya magetsi, banja la ana atatu silingaone kusiyana kwenikweni.

Pamene pali vuto ndi pa mawaya ndi pulagi. Yathyathyathya yaikulu imene aMwale akunena imatha kufika mawati 2,000, ndiye pa mavoti 220 athuwa ikukoka maampeya 9. Mabaraka ambiri magetsi ake amachokera pa nthambo yopyapyala yokokedwa kuchokera kwa neba, pomwepo pali firiji, wailesi ndi matchaja a foni. Nthambo yotero imatentha, imasungunuka, ndipo baraka zambiri ndi za matabwa. Musanagule, wina wodziwa aone waya wanu.

Nankhoma (Calomue): AMwale ndi aPhiri, nanga za mapulagi? Yanga inachokera ku Malawi, ili ndi mano atatu a makona. Ndinachita kugula adaputala.

Phiri (Moatize): Mwafunsa bwino achemwali. Ku Malawi soketi zawo ndi za mano atatu a makona. Kuno kwathu zambiri ndi za mano awiri obulungira. Katundu wochokera ku Joni amabwera ndi mano atatu obulungira akuluakulu. Ife a m'malire timakhala ndi mitundu yonse itatu m'nyumba imodzi. Adaputala yotchipa ija ndi ya foni ndi nyali, si ya chinthu chotentha. Ndipo chonde, musadule pulagi n'kulowetsa mawaya opanda kanthu mu soketi mothandizidwa ndi timitengo ta machesi. Tosteira thupi lake pena ndi lachitsulo, mumaigwira ndi manja onyowa, pansi pali simenti. Waya wachitatu uja, wopita pansi, ndiye amakupulumutsani ikawonongeka mkati. Itanani munthu asinthe pulagi yonse mwadongosolo, si ndalama zambiri.

Nangozo (Furancungo): Inu mukukamba za soketi, ife kuno kumudzi mawaya sanafike. Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi, ku Songo, koma ambiri timadalira sola. Ndili ndi panelo ndi batire la galimoto, ndi invetala yaing'ono. APhiri, tosteira ingayende?

Phiri (Moatize): Ayi amayi, musayese. Mawati 750 pa batire la mavoti 12 ndi maampeya opitirira 60. Invetala zazing'ono za mawati 300 kapena 500 zimangolira n'kuzima, pena kupsa. Ngakhale mutakhala ndi invetala yaikulu, batire la 100Ah silifunika kulitsitsa kupyola theka, ndiye simungafike ola limodzi, ndipo usiku mugona mumdima. Sola yaing'ono ndi ya nyali, foni, wailesi ndi TV. Chilichonse chotenthetsa chisiyireni moto.

Nangozo (Furancungo): Ndamva bambo. Ndiye ine ndili kumbali ya mayi a Tadala, osati mwa kufuna koma ndi mmene zilili.

Jere (Tete, Matundo): Akuluakulu, ndiloleni ndiponyepo. Ife anyamata a m'nyumba za lendi timagwiritsa ntchito ayironi. Umakulunga pau mu pepala la aluminiyamu, n'kusindikiza ndi ayironi mbali iyi kenako mbali inayo. Zimatheka ndithu. Kuno kutentha kwa October kumapyola madigiri 40, kukoleza mbaula m'kachipinda kamodzi ndi chilango.

Mayi a Tadala (Domwe): Mwana wanga, ayironi yomweyo mawa usitire malaya oyera? Mafuta akadontha kamodzi kokha, malaya apita.

Jere (Tete, Matundo): Amayi, timakulunga kawiri. Koma n'zoona, pepalalo likabooka zimavuta, ndipo pepala lenilenilo ndi logula.

Phiri (Moatize): Jere, ngati ayironi yako ndi ya nthunzi, ya timabowo pansi, usiye. Mafuta akalowa m'timabowomo satuluka. Ndipo za mbaula m'kachipinda, usadzachite ngakhale kuzizire bwanji. Utsi wa makala suoneka, sununkha, koma umapha anthu ali m'tulo. Uthenga umenewu ndi wanu makamaka a ku Angonia ndi Tsangano, chifukwa nyengo yozizira ndi imene anthu amalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka mawindo. Tosta ya ana ipangidwire pakhonde kapena m'khitchini motseguka.

Agogo aNajere (Tsangano): Ana anga, ndakhala ndikuwerenga, mdzukulu wanga ndiye akundilembera. Kuno ku Tsangano tirigu timalima tokha, ndipo buledi timaphika mumphika, makala pansi makala pamwamba pa chivundikiro. Wotsala wa dzulo sitinatayepo. Umamuwaza timadzi pang'ono ndi zala, n'kumuika pa phale lotentha, n'kuvundikira. Amafewa ngati waphikidwa lero. Nabanda, mwana wanga, vuto la ana ako ndi buledi wouma, ndipo mankhwala ake ndi madzi ndi moto. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalamayo uone kaye ngati palibe china chofunika.

Nabanda (Ulongwe): Zikomo agogo, ndamva. Za kuwaza madzi amayi anga ankachita, ine ndinangozisiya.

Aphunzitsi a Banda (Ulongwe): Agogo anena zoona, ndipo chifukwa chake chimadziwika. Buledi akagona, sikuti madzi onse athawa ayi. Sitalichi ya mu ufa, imene inafewa pophika, imayamba kugwirananso n'kulimba buledi akazizira. Mukamutenthetsa kupyola madigiri 60 imamasukanso. N'chifukwa chake pau wa dzulo amakoma pa chiwaya kapena mu tosteira, zonse ndi chimodzimodzi. Koma akazizira kachiwiri amalimba msanga kuposa poyamba, ndiye adyedwe akadali wotentha. Chinanso, musamasunge buledi mu firiji. Kuzizira kwa mu firiji kumafulumizitsa kulimba kumeneku. Mu firiza momwe amaundana ndi mwina, mmenemo amasungika.

Mwale (Zobwe): Aphunzitsi, mwandithandiza kufotokoza chinthu chimene ndimachita osadziwa chifukwa chake. Phindu langa lenileni lili pamenepo. Pau amene sanagulidwe dzulo, kale ndinkamugulitsa motchipa kapena kupatsa ana. Pano ndi amene ndimapangira tosta m'mawa, ndipo kasitomala amamukonda kuposa watsopano, chifukwa watsopano amaphwatalala n'kukhala ngati phala mkati. Ndiye aNabanda, powerengera musangoona mtengo wa makina. Muonenso pau amene mumataya pa sabata.

Nabanda (Ulongwe): Nanga mumaikamo chiyani achimwene? Ku Tete ndinadyako tosta mista, ya tchizi ndi nyama ya nkhumba yopyapyala ija. Koma zimenezo kuno ndani angagule tsiku ndi tsiku? Tchizi mtengo wake, komanso imafuna firiji.

Mwale (Zobwe): Tosta mista ndi ya m'mapastelaria a mumzinda. Ine yoyenda malonda ndi ya dzira ndi anyezi, kenako ya badjia, tokazinga ta ufa wa nyemba tija. Pau ndi badjia anthu anazolowera kale, ndiye mukangoisindikiza itenthe, ndi tsabola pang'ono, mwawonjezera mtengo popanda kuwonjezera zambiri. Poloni ndimaika kwa ofuna. Nyemba zotsala zophwanyaphwanya zimakhalanso bwino, bola zikhale zouma, zopanda msuzi.

Nankhoma (Calomue): Tomato samalani naye. Amatulutsa madzi, buledi amanyowa, ndipo amatentha kwambiri mkati moti mwana amapsa pakamwa kunja kukuoneka kozizira. Ine ndimayamba ndamukazinga. Peyala musalitenthetse, limawawa, liikeni pambuyo pake.

Mayi a Tadala (Domwe): Chiponde ndi nthochi. Yesani pa chiwaya mudzandiuza.

Aphunzitsi a Banda (Ulongwe): Ndiwonjezere chimodzi chokhudza bizinesi. Tosteira kapena chiwaya, zonse zimatenthetsa chabe, siziphika nyama. Mphindi zitatu sizikwanira kupsetsa nkhuku kapena mbuzi yaiwisi imene ili pakati pa buledi. Nyama ndi mazira zipse kaye pazokha. Ndipo zoikamo zisakhale padzuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, makamaka inu a kuchigwa kotentha.

Phiri (Moatize): Pa za kulimba kwa makinawa ndinenepo, chifukwa anthu amabwera nazo kwa ine zitafa. Zimene zimawonongeka kawirikawiri ndi zitatu: kachogwirira kotsekera, nthambo pamene imalowa m'thupi, ndi utoto wakuda woletsa kumatirira uja. Ziwiri zoyambazo zimakonzeka. Utotowo ukasupuka ndiye basi. Umasupuka chifukwa chopala ndi mpeni, foloko kapena waya wotsukira mapoto. Pukutani ndi nsalu yonyowa ikadali yofunda, mutaizula kumagetsi, ndipo musaiviike m'madzi. Musaisiyenso ikuyaka yopanda kanthu nthawi yaitali. Chiwaya chachitsulo mukhoza kuchikwecha ndi mchenga zaka ndi zaka, mdzukulu adzachipeza. Tosteira yotchipa yogwira ntchito pa baraka tsiku lonse siingapikisane nacho, anaipangira pakhomo.

Nangozo (Furancungo): Ena amati njerwa. Akuti umaikulunga n'kuisanjika pamwamba m'malo mwa poto.

Mayi a Tadala (Domwe): Zimatheka, koma njerwa ikhale youma ndipo isakhudze chakudya. Osakulunga ndi nyuzipepala kapena pulasitiki. Ine ndimakonda poto wa madzi chifukwa kulemera kwake ndimasintha ndekha, pau wofewa madzi ochepa, wolimba madzi ambiri. Ndipo ngati pansi pa potoyo patentha kale, wochoka pamoto, amathandiza kutenthetsa pamwamba. Kungoti mupukute mwaye, kapena muike chivundikiro choyera pakati.

Mwale (Zobwe): Pali chinthu china chimene palibe watchula. Madalaivala ochokera ku South Africa ena amayenda ndi chitsulo chimene amachitcha jaffle. Ndi timbale tiwiri tachitsulo tolumikizidwa ndi hinji, tili ndi zogwirira zazitali. Umaika buledi mkati, kutseka, n'kuika pa makala, kutembenuza. Sichifuna magetsi ndipo chimamata m'mbali ngati tosteira ya aNankhoma. Kwa aNangozo ndi agogo chimenecho ndiye choyenera.

Nangozo (Furancungo): Chimenecho ndiye chandikhudza mtima. Nanga amisiri athu owotcherera zitsulo, amene amapanga mbaula ndi mafelemu a mawindo, sangapange?

Phiri (Moatize): Angapange, ndipo chathyathyathya ndiye chosavuta: mbale ziwiri zachitsulo chokhuthala, hinji kumbuyo, ndodo ziwiri zokhala ndi zogwirira zamtengo. Kwa pau, hinjiyo ikhale yotakasuka kuti pakati pakhale mpata wa zala ziwiri. Koma muwauze motsindika za chitsulo chake. Asagwiritse ntchito malata kapena chitsulo chilichonse chokutidwa ndi zinki, chifukwa chikatentha kwambiri chimatulutsa utsi woipa. Asatengenso cha pa mgolo umene munali mankhwala, kapena chopaka penti. Chitsulo chakuda wamba, chochapidwa bwino, kenako muchipake mafuta ophikira n'kuchiwotcha musanayambe kuchigwiritsa ntchito, monga mumachitira ndi chiwaya chatsopano. Mukatha ntchito muzichipaka timafuta kuti chisachite dzimbiri.

Nankhoma (Calomue): Komabe abale, tisaiwale m'mawa wa mayi. Kudzuka kusanache, kukoleza moto m'chisanu cha kuno, ana atatu akufuna madzi osamba, wina yunifolomu sakuiona. Tsiku limene magetsi alipo, ine ndimangolumikiza, mphindi zisanu ana adya. Nthawi imeneyo nayonso ndi ya mtengo wake, ngakhale siilembedwa pa risiti. Sindikufuna aNabanda aone ngati kufuna chinthu chopeputsa ntchito ndi kuwononga ndalama.

Mayi a Tadala (Domwe): Pamenepo mwanena zoona achemwali, ndipo sindikutsutsa. Kungoti kwa ine moto ndimakoleza kale chifukwa cha madzi osamba ndi tiyi, ndiye chiwaya chimangopezerapo mwayi. Amene amaphikira pa magetsi kapena gasi, nkhani yake ndi ina.

Jere (Tete, Matundo): Pa gasi chiwaya chimachita bwino kwambiri amayi, moto umachepetsa mmene ukufunira. Anzanga a nyumba yoyandikana nayo amatero.

Nabanda (Ulongwe): Abale, mwandithandiza kwambiri. Ine moto ndimakoleza m'mawa uliwonse ngati mayi a Tadala, ndiye za ana ndiyamba mawa ndi chiwaya ndi poto, ndi timadzi ta agogo. Za baraka ndiyesa kaye mwezi uno ndi chiwaya chomwecho, dzira ndi badjia, ndione ngati anthu a ku Ulongwe angagule. Zikayenda mpaka manja kuchepa, ndidzagula yathyathyathya, osati ya makona atatu. Alamu ndiwauza kuti ulendo uno angondifunsira mitengo ndi kujambula chithunzi cha pulagi ndi kapepala ka mawati kamene kamakhala pansi pake. APhiri, ndikadzalandira chithunzicho ndidzakutumizirani.

Phiri (Moatize): Tumizani achemwali. Mujambulenso soketi ya pa baraka ndi nthambo imene imabweretsa magetsi, pamene yalumikizidwa, ndione kukula kwake.

Mwale (Zobwe): Poyesa mwezi umenewu, muzilemba m'kope pau angati mwagulitsa ndi nthawi yake. Ngati ambiri akubwera nthawi imodzi, m'mawa anthu akudikira chapa, minibasi ija, mudzadziwa kuti chiwaya chimodzi sichikukwana. Ndipo chiwaya cha tosta chikhale chosiyana ndi cha tchipisi, mafuta a tchipisi amanyowetsa pau.

Nangozo (Furancungo): APhiri, Loweruka ndikupita kwa mmisiri. Mbalezo ndimuuze zikhale zazikulu bwanji?

Phiri (Moatize): Tengani pau mmodzi wa kwanuko mupite naye, ayezere pomwepo, asiye chala chimodzi mbali zonse. Chitsulo chikhale cha mamilimita 3 kapena 4, chopyapyala kuposa apo chimapindika ndipo chimapsereza. Zogwirira zitalike ngati kuchokera pa chigongono kufika kunsonga ya zala, kuti dzanja litalikirane ndi makala.

Nangozo (Furancungo): Ndalemba. Akandiuza mtengo ndidzanena pano, mwina ena mungafune apangiretu ziwiri kapena zitatu.

Agogo aNajere (Tsangano): Chimodzi chikhale changa, mwana wanga. Koma buledi wa kuno ndi wamkulu, wa mumphika, timachita kudula. Changacho mbale zake zikhale zotambalala.